Chitseko Chimene Sichinapse

Alamu anga a Sabina Mulkeen anasunga kiyi wa Nyumba Yaikulu zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo pa zaka zonsezo mlendo amene anaponda m'khitchini mwawo ndi mmodzi yekha. Amene amatidziwa anthu a kuno ku Cloonavarra amva kuti imeneyi si nkhani yamasewera. Kwathu kuno ukangoima pakhomo pa munthu kufunsa njira, usanamalize n'komwe funso lako ketulo imakhala ili kale pamoto, ndipo ukakana tiyi katatu amakuthirira kachinayi. Koma a Sabina ayi. Chitseko chawo chakumaso chinali chija chodula pakati, ndiye ankatsegula chakumtunda chokha, chakumunsi n'kuchitsamira ndi mimba, kiyi n'kumupereka chapamwamba ngati akudyetsa hatchi yoluma.

Nyumba Yaikuluyo inapsa mu February 1923, chaka chimene ife a ku Ireland tinkaphana tokhatokha Angerezi atachoka. Inali ya banja la a Lavington, eni malo onse amene makolo athu ankalimapo. Lero kunangotsala makoma, mawindo makumi asanu opanda galasi, mitengo itamera pabalaza, akhwangwala ali pokopoko pamwamba. Aboma anazunguliza waya, anaika geti ndi loko kuopa kuti mwala ungagwere munthu, n'kukhoma chikwangwani chonena kuti kiyi ali kwa Mayi Mulkeen, nyumba yoyamba mukaoloka mlatho. Aliyense wobwera kudzaona bwinjalo ankamva mawu omwewo, osasintha ngakhale limodzi:

"Eni ake anapita ku Mangalande. Anaiwotcha ndi anyamata achilendo ochokera kuseri kwa mapiri uko, palibe anawadziwa. Samalani ndi khwisa, ndipo kiyi abwere isanakwane faifi koloko."

Ine ndine Malachy Tuohy, ndinkayendetsa galimoto yahayala, yokhayo m'mudzi muno. Ndinakwatira mng'ono wawo Delia, ndipo ngakhale Delia atatisiya, Lamulungu lililonse tikatuluka ku Misa ndinkakadya kwa alamu angawo. Ndiye musandiuze za a Sabina, ndimawadziwa. Anali mayi wamtali, wouma thupi, wa maso osakhulupirira kanthu. Wailesi ikati mawa kuwala dzuwa, iwo ankathamangira kukaanula zovala. Alendo ankawawerenga polowa ndi potuluka, ndipo wina akabweza kiyi thumba litatupa ankamufunsa maso ndi maso kuti watolako chiyani. Amuna awo anapita kukamanga misewu ku Mangalande n'kubwerako m'bokosi, ana anayi anawalera okha ndi nkhuku, ng'ombe ziwiri ndi pakamwa pakuthwa. Ine ndinkawanena kuti mngelo akadzabwera kudzawatenga adzayamba amufunsa kuti watumidwa ndi ndani. Iwo ankati, "Inu alamu, galimoto yanu ikanamathamanga ngati pakamwa panupo, bwenzi anthu akufika ku Dublin asananyamuke."

Tsopano kuti mumve bwino nkhaniyi, ndiulule chimene aliyense kuno amachidziwa koma sachinena. Moto utazima, mudzi wonse unapita kukatola. Masitepe a pakhomo pa bambo mfumu ndi a ku Nyumba Yaikulu. Thabwa limene timatsamira ku bala kwa Hession ndi la kumeneko. Kwa Noone kuli mkango wamwala wopanda mphuno umene umalondera khola la nkhumba, ndipo ine ndemwe, ndisaname, denga la shedi yanga ndi matailosi a komweko. Palibe amachita nazo manyazi, popeza zonsezo zili ndi chipsera cha moto: mwaye wosachoka, mng'alu, mbali yopserera. Zinatoledwa paphulusa, ndipo palibe anabwera kudzaitanitsa phulusalo.

Koma m'khitchini mwa alamu anga munali chitseko cholowera kuchipinda, chochindikala, cholemera moti amuna awiri angatuluke nacho thukuta, chopanda ngakhale kadontho ka mwaye. M'mphepete mwake munali timizere tocheka ndi mpeni, mmene makolo amayezera ana msinkhu: H 1919, C 1919, H 1920, kukwera choncho mpaka 1922. Pambali pake panali timizere ta Sabina ndi Delia ali ana, kenako ta ana a Sabina. Penti inapakidwa kasanu koma timizereto tinkaonekabe. Chitseko chimenechi sichinatoledwe paphulusa. Chinatuluka m'nyumba ija moto usanayatsidwe, ndiye kuti amene anachitulutsa analipo m'mawa umenewo. Anabwera nacho ndi apongozi anga, malemu a Festy Gannon, bambo awo a Sabina.

A Festy anthu amawakumbukira ngati munthu wa Mulungu. Analiza belu la tchalitchi zaka makumi atatu, maliro aliwonse ankakumba nawo manda, ndipo chithunzi chawo chinali pakhoma m'holo ya parishi. Dzanja lawo lamanzere linalibe zala ziwiri, makina opunthira tirigu anazidya iwo ali achichepere. Za moto uja sananenepo kanthu mpaka kulowa m'manda. A Sabina ankawakonda bambo awowo kuposa mmene ankakondera amuna awo, izi ananena okha. Ndiye anakhoma misomali pachitsekopo n'kupachikapo zikhoti zonse za m'nyumba, kutenthe kuzizire, ndipo kiyi wa bwinja anachita kumupempha okha kwa aboma kuti nkhani ya moto izituluka pakamwa pawo basi. Tsiku lina ndinachotsa zikhotizo kuti ndiwathandize kupenta, anandimenya padzanja ndi supuni yamtengo.

"Bwezeranipo, alamu. Zimene mwaonazo simunazione."

Ndinabwezera, ndipo sitinakambiranenso.

Mlendo mmodzi uja amene anaponda m'khitchini mwawo anali mayi, ndipo anatsika basi Lachiwiri lina mu September 1986. Anali wamfupi, wa zaka ngati makumi asanu ndi awiri, chikhoti chobiriwira, ndodo m'manja, kalankhulidwe ka ku Mangalande kaja kotulukira m'mphuno. Anati dzina lake ndi Mayi Pettifer, anapeza chipinda pamwamba pa bala ya Hession, n'kundiitanitsa kuti ndimutengere ku bwinja. Choyamba kundidabwitsa chinali chakuti analibe kamera. Mlendo wodzaona mabwinja wopanda kamera ali ngati munthu wopita kukakama ng'ombe wopanda ndowa, umadziwiratu kuti kukholako akukatsata zina.

Pakhomo a Sabina ananena mawu awo aja. Mayiyo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Achilendo onse? Panalibe ngakhale mmodzi wa konkuno?"

"Ndati achilendo."

"Inu munabadwira m'nyumba muno?"

"Sindikumbukira, ndinali wamng'ono," anatero a Sabina. "Kiyi abwere isanakwane faifi."

Koma ndinaona maso a mayiyo akudutsa paphewa pa alamu anga kulowa m'khitchini, ndipo alamu anganso anaona, popeza anasuntha n'kutseka mpatawo ndi thupi.

Alendo onse akafika ku bwinja amaima kumaso, kukweza mutu, n'kumati, "Ha, koma inali nyumba!" Uyu kumasoko sanakuyang'ane n'komwe. Anazungulira kumbuyo, kudutsa m'khwisa ngati munthu wodziwa njira, n'kulowa pa kakhomo kakang'ono kobisika ndi zomera zoyanga, kamene ine wobadwira kuno ndinali ndisanakaonepo. M'katimo anaima pamalo opanda kanthu n'kunena yekha, "Masitepe anali apa." Anakweza ndodo n'kuwerenga mawindo a m'mwamba, loyamba, lachiwiri, lachitatu, n'kuima pansi pa lachitatulo nthawi yaitali moti miyendo yanga inachita dzanzi. Kenako anatulutsa kabuku kakuda m'chikwama n'kulembamo.

"Munabwerapo kale, mayi?" ndinafunsa.

"Kalekale," anatero, osawonjezerapo.

Pobwerera anandiimitsa pa geti la Noone, anayang'ana mkango uja kwa kanthawi, n'kulembanso m'kabuku kake.

Basitu, mmene dzuwa linkapendeka mudzi wonse unali utadziwa kale kuti kwabwera kazitape wa a Lavington, watumidwa ndi maloya kudzalemba katundu. Noone anaphimba mkango ndi matumba a feteleza. Hession anayala nsalu pathabwa pake, chinthu chimene sanachite ngakhale pa maliro a mayi ake. Bambo mfumu anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi odwala oti akawaone kutali. Tinkaseka, koma kunali kuseka kwa mano okha. Amene sanaseke n'komwe ndi a Sabina. Enawo akanangotaya mkango ndi thabwa, iwo akanataya bambo awo.

"Si katundu akufuna ameneyu," anandiuza. "Akufuna munthu. Mawa mumutengere ku nsanja, ku chitsime, kwa amonke, kulikonse kumene kuli mwala wakale. Mumuyendetse mpaka miyendo itupe, akwere basi ya Lachisanu asanapondenso pakhomo panga."

"Alamu, ndi gogo woyendera ndodo ameneyu."

"Ndodo yakeyo sindikuiopa ine. Maso munawaona?"

Lachitatu ndinachita zimene ndinatumidwa, ndipo ndikamakumbukira manyazi amandigwira mpaka lero. Ndinayamba naye ku nsanja yamiyala ija, imene khomo lake lili m'mwamba mofuna makwerero, n'kumuimika pamphepo ola lathunthu ndikumuuza mbiri yonse imene ndimaidziwa ndi ina yopeka pomwepo. Kuchoka apo tinapita ku chitsime choyera. Ndinamuuza kuti mwambo wake ndi kuzungulira kasanu ndi kawiri motsata dzuwa, kenako n'kumanga kansanza pamtengo waminga uli pambali. Mwambowo ndi woona, koma ndi wathu Akatolika, iyeyo sunkamukhudza, komanso munthu woyendera ndodo timamukhululukira akazungulira kamodzi. Ine sindinamukhululukire. Anazungulira kasanu ndi kawiri m'matope, akupuma wefuwefu, kenako anang'amba kampango kake.

"Kansanzaka amamangira ndani?" anafunsa.

"Odwala, mayi. Kakamafwifwa, matendanso amatha."

"Ndiye ndachedwa nako," anatero, koma anamanga ndithu.

Sindinamve chimene ankatanthauza. Ndinangoti ndi kuchenjera kwa akazitape.

Kumene mtima wanga unadumpha ndi ku bwinja la tchalitchi cha amonke, kumene timaika maliro athu mpaka lero. Zipilala zosema zimene anthu amachokera nazo ku Germany kudzaziona, iye sanazicheukire. Ankawerenga mayina pamanda, a amuna okhaokha, obadwa cha m'ma 1900. Ndinamukokera mbali ina kuti asafike pamanda a apongozi anga, ngakhale kuti dzina lokha silikanamuuza kanthu. Kenako anatembenuka mwadzidzidzi.

"Bambo Tuohy, kodi kuno kunali bambo wina wopanda zala ziwiri kudzanja lamanzere?"

Ndinayankha msangamsanga. "Aa, mayi, makina opunthira tirigu anadya zala za theka la mudzi uno. Kale munthu wa zala khumi tinkamukayikira kuti ndi mlesi."

Anaseka pang'ono, koma maso ake sanaseke nawo. "Inu anthu a kuno mumayankha bwino," anatero. "Kungoti simuyankha zimene munthu wafunsa."

Nditakawauza alamu anga za zalazo anakhala pansi pampando, chinthu chimene sankachita dzuwa likuwala. "Ndinkadziwa," anatero. "Zaka zonsezi ndinkadziwa kuti wina adzabwera." Ndinawamvera chisoni, ndithu. Ndinati tichizule chitsekocho lero lomwe, tichikweze pagalimoto tikachiponye m'dambo, matope akachimeze.

"Chitseko cha bambo anga? Muponyedwemo ndinu!"

Lachinayi kunacha ndi mvumbi. Mayiyo anakana nsanja, anakana zitsime, anati akufuna kubwerera ku Nyumba Yaikulu, ndipo a Sabina anamupatsa kiyi. Pa geti anandiuza kuti ndidikire m'galimoto. Ndinadikira ola limodzi, kenako lachiwiri, mvula ikungokulirakulira, ine ndikudzifunsa kuti kodi akukumba chiyani mmenemo. Anatuluka cha m'ma folo atanyoweratu, mbali imodzi ili matope okhaokha posonyeza kuti anagwa, manja atafiira ndi khwisa, mano akugundana. Ndinati tithamangire kwa Hession. Iye anati ayi, kiyi abweza yekha.

Atafika pachitseko chodula chija anatambasula dzanja, kiyi anagwera m'matope, iye n'kugwira chitsekocho ndi manja onse awiri kuti asagwe. Milomo yake inali itada. Ndinawayang'ana alamu anga, ndipo nkhope imeneyo sindidzaiiwala: mantha, mkwiyo ndi manyazi zonse pamodzi. Kuno kwathu ungakhale pa chidani cha zaka zana ndi munthu, koma sumusiya pamvula ali choncho. Ukatero amadzanenedwa nazo ana ako ndi adzukulu ako omwe. Ndipo amene anawaphunzitsa a Sabina zimenezo ndi a Festy omwewo.

"Mayi Maria, ndithandizeni," anatero chapansipansi, n'kukoka chitsulo cha chitseko chakumunsi. "Lowani. Inu alamu, mwangoti njoo ngati mtengo, agwireni mkono!"

Tinamukhazika pafupi ndi moto, chikhoti chonyowa tinamuvula, ketulo inakwera pamoto. Koma kunjenjemera sikunaleke. Apa ndi pamene manja a alamu anga anathamanga kuposa mutu. Anatembenuka n'kuyamba kuzula zikhoti pachitseko chija, choyamba, chachiwiri, chachitatu, kumufunditsa mlendoyo m'mapewa ndi m'miyendo, uku akukalipa kuti munthu wamkulu wanzeru zake sakhala pamvula maola awiri kuyang'ana makoma ngati nkhosa. Ine ndinatsokomola dala, sanamve. Anazindikira atamaliza, ataona kumene maso a mlendoyo analunjika. Chitseko chinali poyera, timizere tonse tili pambalambanda.

Mayiyo anaimirira ndi zikhoti zake zonsezo, anayenda pang'onopang'ono osatenga ndodo, n'kuyamba kuyendetsa chala patimizere paja. Chinaima pa H 1922.

"Hugo anali wamtali kuposa apa," anatero.

Ndinkayembekeza kuti alamu anga anena kuti chitsekocho chinagulidwa pamsika kwa ogulitsa zakale. Bodzalo linalipo lokonzakonza, ndinawamvapo akuliyeserera. Koma ndi mawu ouma anati, "Anachidula kumunsi. Chinali chachitali, sichinkakwana."

"Anachidula ndani?"

A Sabina anatembenukira ku ketulo. Anathira tiyi m'kapu, anaikamo shuga masupuni atatu, n'kumupatsa m'manja.

"H ndi Hugo, mchimwene wanga," anatero mayiyo. "C ndine, Cecily. Ndisanakwatiwe ndinali Lavington."

"Ndinadziwa tsiku lomwe munafika," anatero a Sabina. Kaya zinali zoona kaya ayi, sindikudziwa.

Mayiyo anakhalanso pansi n'kufotokoza, maso ali pamoto. Iye anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, Hugo zisanu ndi zinayi. Kunja kukuyera kumene, anafika amuna asanu ndi atatu atamanga nsalu kumaso, zigubu za palafini m'manja. Bambo awo anali ku Dublin. Amunawo analankhula mwaulemu, anati atuluke onse, atenge zimene angathe kunyamula. Koma Hugo anali chigonere sabata zitatu ndi matenda otupitsa mfundo, kungomukhudza ankakuwa. Mayi awo anagwada pansi kupempha. Wina mwa amunawo anati amukulunge m'bulangeti amunyamule choncho, alire asalire.

"Ndiye mmodzi anati ayi. Anatenga chitsulo chosonkhezera moto n'kuzula chitseko cha chipinda chathu, ichi. Anayalapo matiresi, anamugoneka Hugo mosamala kuposa mmene adokotala ankachitira, n'kumutsitsa pamasitepe ndi mnzake, akuponda pang'onopang'ono. Ine ndinali pambuyo pawo, maso anga ali padzanja limene linagwira apa." Analoza m'mphepete mwa chitseko. "Linali ndi zala zitatu. Panja udzu unali woyera ndi chisanu. Anavula chikhoti chake n'kumufunditsa Hugo, n'kumuuza kuti, 'Usaope, mwanawe.'"

Ndinamva alamu anga akutulutsa mpweya, ndipo nanenso mtima unayamba kutsika. Koma mayiyo anali asanamalize.

"Kenako anatola chigubu cha palafini ndi dzanja lomwelo, n'kubwerera m'nyumba."

Ketulo inali kulira yokha pamoto.

"Hugo anamwalira mu April. Mayi anga mpaka imfa yawo ankati chinamupha ndi chisanu cha m'mawa umene uja. Adokotala anati mtima wake unali utawonongeka kale. Ine sindikudziwa. Ndakhala zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zitatu ndikumuda munthu ameneyo, ndikumuthokozanso, nthawi zina tsiku lomwelo."

A Sabina anaima chilili, manja atapinda pachifuwa. "Mwabwera kudzatenga chitseko?"

"Ndikachiika pati? Ndimakhala m'tizipinda tiwiri pamwamba pa sitolo ya nsapato."

"Nanga maloya?"

"Maloya ake ati?"

"Ndiye mukufuna chiyani kuno? Masiku atatu mwatisowetsa mtendere!"

"Dzina lake," anatero mayiyo. "Onse amene analipo tsiku lija anamwalira, ndatsala ndekha. Ndimafuna ndidziwe kuti munthu ameneyo anali ndani, anali ndi ana kapena ayi, ndipo anawauza chiyani."

Alamu anga akanatha kunenabe kuti ndi wachilendo anachisiya pamsewu, bambo awo anangochitola. Mayiyo analibe umboni, ine sindikanatsutsa, ndipo mudzi wonse ukanalumbira nawo. A Sabina anayang'ana chitseko chija.

"Festy," anatero. "Festus Gannon. Bambo anga. Sanatiuze kanthu, olo liwu limodzi." Analoza chitsekocho. "Moyo wanga wonse anandimenyapo kamodzi kokha. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndinamenyetsa chitseko chimenechi nditakwiya. Anandimenya mpaka amayi anachita kuwagwira, kenako anatuluka panja n'kukalira kuseri kwa khola. Sindinkadziwa chifukwa chake."

Apa ndiye ine, mwamuna wamkulu ndi ndevu zanga, ndinachita kuyang'ana kudenga kuti misozi isatsike.

Mayiyo anatulutsa kabuku kake kaja n'kulemba dzinalo, atafunsa kalembedwe kake. Ndinasuzumira, poti chidwi changa sichimva manyazi. Munalibe mndandanda wa katundu. Munali tizithunzi tojambula pamanja ta zipinda, apa masitepe, apa limba, apa bedi la Hugo. Kenako anafunsa kuti timizere tinato ndi ta ndani, ndipo a Sabina anamutchulira mmodzimmodzi, uyu ndine, uyu Delia malemu mkazi wa chitsiru chili apachi, uyu Brendan ali ku Boston, uyu Carmel ndi namwino ku Galway. Anamwa makapu awiri a tiyi, anadya buledi ndi batala. Potuluka anandiuza kuti, "Mukawauze a nkhumba aja avundukule mkangowo, ukuvutika kupuma. Mphuno anaithyola ndi Hugo ndi nyundo, tinanamizira wolima maluwa."

Anakwera basi ya Lachisanu, sitinamuonenso. Musaganize kuti alamu anga anasintha n'kukhala munthu wokhulupirira anzake, ayi ndithu. Basi itangonyamuka anati, "Dzina walemba. Kaya akupita nalo kuti." Chaka chathunthu ankamuyang'ana wamakalata ngati wakuba, kudikira envulopu ya maloya imene sinabwere. Ndipo mpaka tsiku limene anabweza kiyi kwa aboma maondo atawakana, mlendo wina aliyense ankathera pachitseko chodula chija.

Koma zimene anachita Loweruka la sabata yomweyo zinawatayitsa zambiri. Mabanja atatu sanawapatsenso moni mpaka imfa yawo, popeza aliyense ankadziwa kuwerenga kuti pa asanu ndi atatu ukachotsa mmodzi patsala angati, ndipo anthu anayamba kuyang'anana. Chithunzi cha a Festy m'holo ya parishi wina anachitsitsa ati akufuna kupenta khoma, mpaka lero khomalo silinaume.

Loweruka limenelo ine ndinalipo. Ndinabwera ndi mwamuna ndi mkazi wake ochokera ku America, makamera ali lendelende m'khosi, akufuna kiyi. A Sabina anatsegula chakumtunda, chakumunsi anachitsamira monga mwa masiku onse. Kumbuyo kwawo ndinaona kuti zikhoti zasamukira pamisomali yatsopano pakhoma.

"Eni ake anapita ku Mangalande," anayamba. "Anaiwotcha ndi…"

Anaima. Ine ndinawatsinzinira diso kuti alamu, malizani mwa nthawi zonse, awa ndi odutsa chabe, mawa adzakhala ataiwala. Sanandiyang'ane.

"Anaiwotcha ndi amuna asanu ndi atatu a konkuno. Asanu ndi awiriwo kafunseni ana awo. Mmodzi anali bambo anga, Festy Gannon, amene ankaliza belu la tchalitchi. Anayamba watulutsa mwana wodwala, kenako anakathira palafini."

Anthu aja anangoti kakasi, pakamwa pali yasa. Alamu anga anakankhira kiyi m'manja mwa mwamunayo mwaukali.

"Mukundiyang'ana chiyani? Samalani ndi khwisa, ndipo kiyi abwere isanakwane faifi koloko."